A Lumo ndi Nkhuku Yotsimphina

A Lumo anameta anthu kwa zaka zambiri m'kashopu ka pafupi ndi depoti ya mabasi, pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa mafoni akale. Munali mpando umodzi wozungulira, galasi lalikulu long'aluka pakona, benchi la odikira, ndi wailesi yomwe palibe ankaimva chifukwa mwini shopu sankatseka pakamwa. Munthu ankalowa kudzametetsa, n'kutuluka atauzidwa za mpira, za mvula, za madalaivala osadziwa kuyendetsa, ndiponso chifukwa chake dazi limakonda anthu anzeru okhaokha. Iwo eni anali ndi dazi lonyezimira.

Anawachotsa ntchito ndi manja. Linayamba ndi lamanja, kunjenjemera pang'ono akanyamula kapu ya tiyi. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi n'kuwauza kuti matendawa sapha koma sathanso. Mashini ankawagwirabe bwino, koma lezala lokonzera m'mphepete linayamba kuwakana. Tsiku lina anacheka khutu la mphunzitsi wina amene ankameta kwa iwo kuyambira asanakwatire. Mphunzitsiyo anaseka, anati palibe kanthu, koma sanabwerenso. A Lumo sanadikire kuti wina achite kuwauza. Anabweza makiyi kwa mwini nyumba, anakweza mpando wozungulira uja pa wilibala, n'kukauika pakhonde la kuseri kwa nyumba yawo.

Chaka chomwecho mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino mumzinda wina wakutali, anabereka mwana wamwamuna. Akazi awo anapita kukathandiza.

"Mchombo ukangogwa ndibwera," anatero pokwera basi.

Mchombo unagwa. Mwana anayamba kukhala, anakwawa, anamera mano. Nthawi zonse pankapezeka chifukwa, ndipo zifukwazo zinali zoona: wantchito wachoka, mwana watsegula m'mimba, mayi wake amusintha shifiti. A Lumo ndi akazi awo sanakangane. Panalibe mawu oipa amene wina anganene kuti apa ndi pomwe zinayambira. Ankangoimbirana foni Lamlungu masana, kufunsana za moyo ndi za mvula, kenako mwana ankalira ndipo foni inkathera pomwepo.

Kuseri kwa nyumba mayiwo anasiya nkhuku zinayi m'khola la waya ndi malata. Imodzi anaigwira galu wa anthu, ina inangopezeka yauma m'mawa, ina a Lumo anaphera mlamu wawo atabwera kudzawaona. Inatsala imodzi, thadzi lalikulu, lolemera, lamawanga oyera ndi akuda. A Lumo sankakonda nkhuku. Ankangoithirira chakudya ndi madzi, kutola dzira, basi, monga munthu wosunga katundu wa mnzake.

M'mawa wina atatsegula khola, nkhukuyo sinathamangire chakudya. Inatsika pamtanda wogonapo movutikira, n'kuima ndi mwendo umodzi, winawo itaubisa m'nthenga. Ikati iponde, inkangokhudza pansi ndi zala n'kunyamula msanga ngati yaponda khala la moto. Anaitsekereza pakona, anaigwira, anaitembenuza. Pakati pa phazi lamanzere panali chotupa cholimba, chotentha, ndipo pamwamba pake panali nkhanambo yakuda yozungulira ngati batani la malaya.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala kalipentala, bambo wosakonda zolankhula, amene tsiku lonse ankapala matabwa pansi pa shedi.

"Achimwene, tasuzumirani kuno muone ichi."

Kalipentala anasuzumira pamwamba pa mpanda, pensulo ili kukhutu.

"Yaponda msomali?"

"Kaya. Chatupa."

"Ikani madzi pamoto, madala, isanawonde."

"Ndi ya mayi a kunyumba."

"Ndiye afunseni. Koma ine sindinaonepo nkhuku itagonekedwa m'chipatala."

Lamlungu litakwana, a Lumo anadikira kuti malonje athe kenako anati, "Nkhuku yanu ija yadwala phazi."

"Iti?"

"Yamawanga. Yatsala yokha ija."

"Kani ikadalipo?" Mayiwo anaseka. Kumbuyo kwawo kunkamveka mwana akumenya supuni pambale. "Ingoiphani, bambo. Mudzivutitsiranji? Mudyeko nyama, mwina munganenepeko."

Sananene mwankhanza. Koma foni itaduka, a Lumo anakhala nthawi yaitali pampando wawo wozungulira, akuyang'ana khola. Miyezi yonseyi ankadzuka kukatsegula khola poganiza kuti tsiku lina mwini wake adzafika n'kufunsa kuti nkhuku zanga zili kuti. Tsopano anadziwa kuti palibe adzafunse. Anatenga mpeni n'kuunola pasitepe ya khonde. Ataunola, anaubwezera m'dirowa.

M'mawa mwake anaika nkhukuyo m'katoni yoboola m'mbali n'kupita nayo kusitolo ya mankhwala a ziweto. Wogulitsa, mayi wamagalasi, anayang'ana phazilo n'kulidina ndi chala.

"Izi timaziona, makamaka pa nkhuku zolemera," anatero. "Kamayamba kachilonda kakang'ono, tizilombo n'kulowa. Tsono mafinya a nkhuku sayenderera ngati athu. Amauma n'kusanduka kanjere kolimba mkatimo. Kanjereko kakapanda kutuluka, chilonda sichipola."

"Ndiye titani?"

"Muviike phazi m'madzi ofunda othira mchere mpaka nkhanambo ifewe. Muichotse, mutulutse kanjereko, mutsuke, mupake mankhwala awa, mumange bandeji. Pasanyowe."

"Dokotala wa ziweto sangachite zimenezo?"

"Angathe, koma amayendera mafamu akuluakulu. Kuti apeze mpata wa nkhuku imodzi, mudikira." Mayiwo anayang'ana manja a a Lumo ali pa kauntala, akunjenjemera. "Muli ndi wokuthandizani kugwira?"

"Alipo," anayankha a Lumo.

Atafika kunyumba anatsitsa chikwama cha zida zawo pamwamba pa wadiropu. Chitsekereni shopu anali asanachitsegule. Munkanunkhirabe paudala ndi spiriti. Anatenga lezala latsopano ndi kachitsulo kozulira tsitsi, n'kuziwiritsa m'kapoto. Anatenganso nsalu yoyera imene ankafunditsa makasitomala, anakulunga nayo nkhukuyo thupi lonse ndi mutu womwe, kusiya mwendo wokha panja. Itafundidwa kumaso, inangoti zii. Anakhala pampando wozungulira, nkhuku pamiyendo, beseni pa situlu.

Madzi anachita kuzizira phazi lili momwemo. Nkhanambo itafewa, anagwira lezala, koma dzanja linkavina. Analiika pansi, anapuma, analitenganso. Kenako anapeza kuti akatsamiritsa mkono pa chitsulo cha mpando n'kuukanikiza, kunjenjemera kunkachepa. Anayamba kutukula nkhanamboyo m'mphepete, pang'onopang'ono. Nkhuku inagwedeza mwendo.

"Pepani, bwana," anatero a Lumo. "Musagwedezeke. Timaliza posachedwa."

Mawu awo anatuluka osasa, ndipo anadabwa kuwamva. M'nyumbamo munali mutapita nthawi musanamveke mawu a munthu. Koma atangoyamba, pakamwa panakumbukira ntchito yake. Anaiuza nkhukuyo za dalaivala wina amene ankagona akumetedwa n'kudzuka akukana kuti si mutu wake. Anaiuza kuti ikanabwera msanga bwenzi zitaphweka, koma makasitomala onse ndi choncho, amabwera tsitsi litafika kale m'makutu. Akulankhula choncho, nkhanambo inachoka, magazi pang'ono anatuluka, ndipo atafinya m'mbali ndi zala ziwiri, kanatumphuka kanthu kachikasu kolimba ngati njere ya chimanga. Pansi pa phazi panatsala kadzenje.

Anatsuka, anapaka mankhwala, anaika thonje, n'kuyendetsa bandeji pakati pa zala ndi kuzungulira mwendo. Ataimasula, nkhukuyo inaima n'kuyang'ana nsapato yake yoyera, inaijompha, kenako inapita kukadya. Malaya a a Lumo anali atanyowa ndi thukuta kumsana konse.

Masiku otsatira ankasintha bandeji m'mawa dzuwa likafika pakhonde. Chotupa chinaphwa, kadzenje kanatseka, nkhuku inayamba kuponda bwino ndi kupalasa pansi pa mtengo wa gwafa. Tsiku limene anachotsa bandeji komaliza, anazungulira m'nyumba osadziwa woti amuuze. Anaimba foni ngakhale silinali Lamlungu. Anayankha ndi mwana wawo.

"Adadi, kwagwanji?"

"Palibe. Ndimati ndiwauze amayi ako kuti nkhuku ija yachira."

"Nkhuku? Mwandidula mtima, adadi. Akusambitsa mwana, ndiwauza."

Mvula itayamba, nkhukuyo inayambanso kutsimphina. Phazi lomwe lija, malo omwe aja, nkhanambo ina yakuda. A Lumo anabwerera kusitolo, ndipo mayi wamagalasi anafunsa za khola: pansi pake ndi potani, mtanda wogonapo uli pamwamba bwanji. Atamva kuti pansi ndi simenti yokhakhala ndipo mtanda umafika m'chiuno mwa munthu, anapukusa mutu.

"Ndiye m'mawa uliwonse imadumphira pachilonda. Tsitsani mtandawo, muyale zofewa. Koma ndikuuzeni zoona, bambo, kwa nkhuku zina zimangobwererabwerera."

Kalipentala anabwera ndi sowo ndi hamala. Anatsitsa mtanda, anaupala kuti usalale, anabweretsanso thumba la utuchi.

"Nkhuku iyi ikugona bwino kuposa ine," anatero akutola zida zake. Tiyi anakana, anati ali ndi zitseko zoti amalize.

A Lumo anachitanso zonse monga poyamba. Chilonda chinapola, kenako chinabweranso, ndipo ulendo uno phazi lamanja nalo linayamba kufiira. Wogulitsa uja anawapatsa mankhwala othira m'madzi akumwa n'kuwauza kuti mazira asadye kaye, choncho ankawatola n'kuwakwirira. Mvula ikagwa bwalo lonse linkasanduka matope, bandeji n'kunyowa, ndiye anayamba kuilowetsa kukhitchini, m'katoni, pafupi ndi chitseko. Akamadya, iyo inkatulutsa mutu n'kuwayang'ana ndi diso limodzi. Ankaiponyera nyenyeswa za buledi.

Tsiku lawo linayamba kuyendera phazi la nkhuku. Kufunditsa madzi, kuviika, kuchapa mabandeji ndi kuwayanika pa waya pamene kale pankayanikidwa madiresi. Akapita kukagula mchere kapena thonje, ankakumana ndi anthu amene ankawameta kale. Ankawapatsa moni mwaulemu, "A Lumo, mukusowatu," koma onse anali pa changu. Iwo ankangoyang'ana mitu yawo ikupita, n'kuona pamene wometa watsopano walakwitsa mzere wa kukhosi.

Mvula ili pafupi kutha, akazi awo anabwera. Anati adzatenge mashini awo osokera ndi zovala za nyengo yozizira, akhala masiku ochepa. Anali atanenepa pang'ono, atagula magalasi atsopano. Anayenda m'zipinda zonse akutsegula mawindo, ndipo pofuna sefa anachita kufunsa kuti ili pati. Atalowa kukhitchini anaima pa katoni ija.

"Ndiye mwandipezera mkazi mnzanga," anatero.

"Sadya zambiri. Sayankhanso."

Anaseka onse awiri, ndipo kwa kanthawi nyumba inamveka ngati kale.

M'mawa mwake, a Lumo akukonza beseni, mayiwo anatuluka n'kunyamula nkhukuyo okha. Sanafune nsalu. Anaipanira m'khwapa, dzanja lina lili pansi pa chifuwa chake, iyo n'kungokhala phee. A Lumo anakhala pa situlu, phazi lili m'manja mwawo. Kanali koyamba kugwira ntchitoyi ndi manja onse awiri.

"Mwana wathu ali ndi pathupi penanso," anatero mayiwo.

"Sanandiuze."

"Anati ndidzakuuzeni ine. Asamukira m'nyumba yokulirapo, ya m'mwamba. Chipinda chathu chilipo. Akuti mubwere."

A Lumo anapukuta pakati pa zala za nkhuku ndi thonje.

"Nanga iyi?"

"Kumeneko salola ziweto."

"Ndiye mwaonatu."

"Bambo, nkhuku si chifukwa."

"Kumeneko ndizikachita chiyani ine? Kukhala pawindo?"

"Nanga kuno mukuchita chiyani?"

A Lumo anatenga bandeji n'kuyamba kuzunguliza. Mayiwo anawayang'ana akumanga, kenako analankhula motsitsa, osati mokalipa.

"Dzulo ndinakumvani mukucheza nayo. Nkhani zonse zija. Mukudziwa kuti ine sindinazimvepo? Munkachoka m'mawa, n'kubwera madzulo mawu onse mutawasiya kushopu. Mwana atapita kusukulu ya unamwino, m'nyumba muno munkangomveka wotchi. Nkhukuzi ndinagulira zimenezo. Nanenso ndinkalankhula nazo."

"Simunanene."

"Munali otopa. Sindikukuimbani mlandu. Kungoti uko kuli phokoso, ndipo ndazolowera. Wina akalira, amalirira ine."

A Lumo anamanga mfundo ya bandeji. Inamasuka, anamanganso.

"Mwamanga bwino," anatero mayiwo, n'kuiika pansi nkhukuyo.

Tsiku lonyamuka, a Lumo anasenza mutu wa mashini osokera mpaka kudepoti. Anadutsa pa kashopu kawo kakale. Munali mutapentedwa chikasu, mukugulitsidwa machaja ndi makava a mafoni. Wosoka nsapato anakweza dzanja, iwo anagwedeza mutu chifukwa manja anali ndi katundu. Basi isananyamuke mayiwo anatsegula windo.

"Mapiritsi anu musamadumphe. Ndipo bulangete lochindikala lili pansi pa sutikesi yobiriwira."

"Mukafike bwino. Mukamupatse moni mwanayo."

Nyengo yozizira inaivuta nkhukuyo. Inasiya kuikira. Mapazi onse awiri anali m'mabandeji, ndipo nthawi zambiri inkangokhala pa utuchi, padzuwa, maso ali otseka. Akainyamula ankamva fupa la pachifuwa likutuluka ngati mpeni. A Lumo anasiya kucheka, poona kuti akungoizunza. Ankangoviika mapaziwo m'madzi ofunda, chifukwa ikakhala m'beseni inkaoneka kuti ikumva bwino, mpaka kuwodzera. Ankaiphikira dzira logula kusitolo n'kuliphwanyaphwanya, iyo n'kujompha kawiri katatu.

M'mawa wina anaipeza m'katoni itagona chammbali, miyendo itawongoka. Anamasula mabandeji onse awiri, pakuti sanafune kuikwirira nawo. Anakumba pakona pa mpanda. Nthaka inali youma ndipo khasu linkawapulumuka, choncho anatenga nthawi. Kalipentala anamva kukumbako, anasuzumira, anaona. Anachotsa pensulo kukhutu n'kuiika m'thumba.

"Munayesetsa, madala," anatero, n'kubwerera ku matabwa ake.

Lamlungu akazi awo anafunsa monga anali atazolowera chibwerereni, "Wodwala wanu ali bwanji?"

"Alipo," anayankha a Lumo.

Lamlungu linalo anayankhanso chimodzimodzi. Ankadzukabe m'mawa n'kupezeka ataika madzi pamoto ochuluka kuposa a tiyi. Katoni anaisiya pomwe inali. Ankadziwa kuti akangonena, funso lina litsatira, ndipo yankho lake analibe. Koma bodza linkawalemera, ndipo Lamlungu lina, asanafunsidwe n'komwe, anati:

"Nkhuku ija inafa."

"Liti?"

"Papita nthawi."

Pafoni a Lumo ankamva mdzukulu wawo akuimba kanyimbo kosamveka mawu.

"Pepani, bambo," anatero mayiwo. "Ija ndinaigula ili kamwanapiye, ndinabwera nayo m'thumba la juzi." Kenako anafunsa, "Ndiye mubwera?"

"Ndibwera kudzaona mwana akabadwa."

Anapitadi. Mwana wachiwiri anali wamkazi. Nyumbayo inali m'mwamba, masitepe ambiri, ndipo pawindo pankaoneka madenga ndi msewu wodzaza magalimoto. Mkamwini wawo anawalandira mwaulemu, anawapatsa mpando wabwino ndi rimoti ya TV. Mdzukulu wamkulu poyamba ankawathawa, kenako anazolowera n'kumakwera pamsana pa sofa kudzawamenya padazi ndi kachikhatho. Khanda ankalinyamula atakhala pansi, mayiwo ali pafupi, chifukwa cha manja aja. M'nyumbamo aliyense anali ndi chochita ndipo ankadziwa nthawi yake: botolo, matewera, yunifolomu, basi ya kuntchito. Akazi awo ankayenda pakati pa zonsezi mopepuka, akuimba. A Lumo akati athandize kutsuka mbale, wina ankati, "Khalani, adadi, mupume."

Patapita milungu ingapo a Lumo anati akaone nyumba yawo, udzu uyenera kuti wakula. Palibe anawakaniza. Akazi awo anawalongedzera chikwama, anaikamo sokosi zatsopano, n'kuwaperekeza mpaka pansi pa masitepe, khanda lili paphewa.

Umu ndi momwe zakhalira mpaka lero. A Lumo amapita kukawaona nthawi ya tchuthi cha sukulu, amakhalako pang'ono, n'kubwerera. Lamlungu amaimbirana, ndipo masiku ano foni imatalikirapo, chifukwa a Lumo amasunga tinkhani ta mlungu wonse kuti akawauze. Nkhuku sanagulenso. Kalipentala anapempha khola lija kuti azisungamo matabwa, ndipo anachotsa mapulanga awiri pampanda kuti azidutsa. M'mawa a Lumo amadutsira pomwepo kupita kushedi, n'kupatsidwa sandipepa ndi miyendo ya mipando yoti asalaze. Kalipentala amatha kukhala mpaka masana osanena kanthu kupatula "Bweretsani uwo." Fumbi la matabwa limawakhala m'nsidze. Dzuwa likafika pamutu, kalipentala amaitanidwa ndi mkazi wake kukadya, ndipo a Lumo amakung'untha malaya n'kubwerera kwawo.